Lamulungu Limene Odile Anadula Mpweya wa Limba

Odile anakwera masitepe opapatiza opita kulimba ali pambuyo pa mwamuna wake Fernand, dzanja limodzi pakhoma, lina pamsana pake kuti akaterereka asagwe chagada. Maondo ankamuwawa. Nkhuku anali ataisiya mu uvuni pamoto wochepa, ndipo maganizo ena anali komweko.

Fernand anayamba kuimba limba m'tchalitchi cha tauni yawo ana awo asanabadwe. Kwathu kuno woimba limba sitimuyesera pa nyimbo za m'buku ayi. Timamuyesera pa zomwe akupeka pomwepo, wansembe akamakonza guwa kapena anthu akamatuluka. Amatola kachidutswa ka nyimbo ya tsikulo, n'kukapotoza, kukatambasula, kukatsitsira ku zopondera za kumapazi, kenako n'kukabweza kali kena. Lamulo ndi limodzi basi: diso pagalasi. Woimbayo amafulatira guwa, ndiye pamwamba pa limba pali kagalasi komuonetsa zam'mbuyo. Wansembe akasamba m'manja n'kutembenukira anthu, nyimbo ikhale itatha. Limba silidikiritsa Misa.

Chaka chatha mutu wa Fernand unayamba kutaya zinthu. Magalasi ake anapezeka mufiriji. Dzina la mdzukulu linathawa. Tsiku lina anapita kogula buledi n'kubwera naye mwini sitolo, atamugwira mkono. Nyimbo zolembedwa zinayamba kumusokoneza, koma akasiya buku n'kumapeka zake, ankaimba kuposa kale. Anthu pansipo ankati mkuluyu akukoma ngati tchizi chogonera. Sankadziwa kuti kagalasi kaja anasiya kalekale kukayang'ana. Wokayang'ana anali Odile. Ankakhala pambali pake ngati wothandiza kukoka timitengo tosinthira mawu a limba, ndipo nthawi ikayandikira ankamutsina paphewa, Fernand n'kumanga mfundo, nyimbo n'kutha bwinobwino.

Pasaka itapita, Bambo Guillemot, wansembe wawo wachinyamata, anamuitanira pambali Odile. Anazungulira nkhani mpaka Odile anawauza kuti angonena, ali ndi zochapa kunyumba. Akuti mumzinda wa Rouen muli mtsikana wotsiriza maphunziro a limba amene angathandize. Maud, mwana wamkazi wa Odile ndi Fernand, ananenanso zomwezo pafoni, n'kufunsa kuti kodi amayi akudikira kuti chichitike n'chiyani. Odile anawayankha onse mofanana: kunyumba bamboyu amangokhala kuyang'ana khoma, supu mpaka kuzizira. M'mwambamo ndi mokha momwe adakali munthu. Mukam'landa kiyi wa kulimba, mum'patsa chiyani? Wansembe anavomera kudikira mpaka Pentekoste.

Tsiku lake linali limeneli. Tchalitchi chinadzaza, ana ovala zoyera ali kutsogolo, makolo awo atanyamula mafoni.

"Apolisi afika," anatero Fernand, Odile akukhala pambali pake. "Lero ndalakwanji, bwana?"

"Wamanga mabatani mopingasa, nkhalamba iwe. Tembenuka."

Anamukonza malaya. Chiyambi cha Misa chinayenda bwino, moti Odile anayamba kuganiza za mbatata zoti akasende.

Nthawi ya zopereka Fernand anatola nyimbo yakale yachilatini ya Mzimu Woyera. Anaiyamba chapansipansi, ngati munthu akung'ung'udza kuchipinda china, mapazi akuyenda pang'onopang'ono pa zopondera. Odile sanali munthu wolira ndi nyimbo, anazimva zokwana pa moyo wake, koma iyi inamukhudza. Pagalasi anaona utsi wa lubani ukukwera, kenako Bambo akusamba m'manja, akupukuta. Anatsina phewa.

Fernand sanasinthe kanthu.

Anatsinanso, mwamphamvu. Iye anangomuuza kuti akoke kamtengo ka mawu a malipenga. Odile atakana, anatambasula dzanja n'kukoka yekha, ndipo mapaipi akuluakulu a limbalo anabangula mpaka benchi kunjenjemera. Pagalasi wansembe anali atatembenuka kale, manja ali otambasula, pakamwa pokonzeka. Anadikira. Anatsitsa manja. Mitu inayamba kutembenukira m'mwamba, mzere ndi mzere. Kamwana kena kovala zoyera kanatseka makutu kakuseka, ndipo bambo wina anakweza foni.

Odile anayika pakamwa pakhutu lake. "Fernand, kwatha. Bambo akudikira. Tsiriza."

Fernand anamuyang'ana ndi maso aulemu, zala zikuthamangabe.

"Mayi, pepani, tsikani. Kuno kumakhala mkazi wanga yekha."

 Odile anagwira dzanja lake kuti alichotse, koma linali lolimba ngati la mmisiri, ndipo Fernand anamukankha ndi chigongono osamuyang'ananso. Nyimbo inali kukulirakulira, ndipo iye amene anakhala naye zaka zonsezi ankadziwa kuti apa mwamunayo sanafike n'pakati pomwe.

Kumanzere, pansi pa limba, pali swichi ya injini yopopa mpweya. Palibe amene amaigwira munthu akuimba. Ngakhale wokonza limba amayamba wapempha. Odile anagwada, bondo likulira, n'kuizimitsa.

Limba silifa msanga. Mawu anayamba kulefuka, kutsetsereka, malipenga aja akulira ngati ng'ombe yodwala, mpaka mpweya wotsiriza unatuluka ndi kamluzu. Tchalitchi chonse chinati zii. Chomveka chinali chimodzi: zala za Fernand zikugogodabe, mapazi akupondabe matabwa opanda mawu. Kenako nazonso zinaima. Pansi wansembe anakhosomola n'kuitana anthu kuti apemphere.

"Ndani wadula mpweya?" Fernand anafunsa motsitsa.

"Ndine."

Fernand anamuyang'anitsitsa Odile ali chigwadire pansipo.

"Odile," anatero. "Ndinali ndisanamalize."

"Ndikudziwa."

Odile sanayatsenso injiniyo. Misa yotsalayo anthu anaimba pakamwa pokha, amayi achikulire akuyamba nyimbo pamwamba kwambiri n'kukanika kufika. Fernand anakhala manja ali pamaondo. Anthu anatuluka popanda nyimbo yowaperekeza, kumangomveka nsapato ndi mipando.

Bambo Guillemot anakwera okha, chinthu chomwe anali asanachitepo, n'kufika akupuma wefuwefu. Anayamba ndi kunena kuti injiniyo ndi yakale, aliyense akudziwa, ndipo pakhomo anthu ena amafunsa ngati magetsi anavuta. Akhoza kungowasiya aganize choncho. Odile anaona kuti mnyamatayu akumupatsa pobisala, ndipo pobisalapo pakanamufikitsa Lamulungu lina, mwina awiri. Anali atatopa.

"Injini ilibe vuto, Bambo. Muimbireni foni mtsikana uja."

Anapisa m'thumba la jekete la mwamuna wake n'kutulutsa kiyi wa chitseko cha masitepe. Fernand anakweza mkono kuti apise bwino, monga amachitira Odile akamamutengera mpango. Odile anapempha chinthu chimodzi, kuti Lolemba masana, tchalitchi chikakhala chopanda anthu, azimutsegulira aziimba mpaka atatopa yekha. Wansembe anayang'ana masitepe aja, n'kunena kuti za ngozi ziliponso, afunsa kaye a komiti. Sanalonjeze.

Fernand anali akubweza timitengo tonse m'malo mwake, kamodzikamodzi, mosamala. Atatseka chivundikiro anatembenukira wansembe mwaulemu wake wonse, n'kufunsa kuti Lamulungu likudzali nyimbo yolowera ndi iti, kuti ayambe kuiganizira.

Bambo anayang'ana Odile. Odile anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zimene Fernand amavala poimba limba.