Madeti Atsopano pa Mkaka Wakale

Sellina ankagwira ntchito yolongedza katundu pa holoselo ina yaikulu ku Limbe. Tsiku lina m'mawa kapitawo wawo, a Kingsford, anamuitana pamodzi ndi amayi anzake n'kuwalowetsa m'chipinda cha kuseri chimene nthawi zonse chinkakhala chokiya.

M'chipindamo munali makatoni a mkaka wa ufa wa makanda, osanjikizana mpaka kudenga. Patebulo panali botolo la sipiriti, thonje ndi chidindo.

"Ntchito yake ndi yophweka," anatero a Kingsford. "Mufufute deti imene ili pansi pa chitini, mudinde yatsopano. Amene akudziwa kuti pakamwa pake sipatsekeka anene, azipita kwawo lero lomwe."

Sellina anatembenuza chitini chimodzi. Mkakawo unali utatha mphamvu kalekale. Zitini zina zinali zadzimbiri, zina zotupa, chifukwa denga la chipindacho linkadontha nthawi ya mvula.

"Koma a Kingsford, mkaka uwu si wofunika kutaya?" anafunsa.

"Mwana wako amamwa mkaka wa m'chitini iwe?"

"Ayi."

"Ndiye chikukukhudza n'chiyani? Gwira ntchito."

Sellina anatenga thonje n'kuyamba kufufuta. Mtima wake sunamve bwino, koma anadzilimbitsa poganiza kuti oyendera za ukhondo akabwera adzaziona okha. Patapita masiku, woyenderayo anabweradi. Anali a Bennet, bambo wa tayi amene ankabwera kawirikawiri. Anasuzumira m'chipinda muja, anaona thonje ndi chidindo, anaseka, kenako analowa mu ofesi ya bwana, mwini wake wa holoseloyo. Potuluka, enivelopu inkaoneka m'thumba la jekete lawo, ndipo anyamata anawakwezera katoni ya mafuta ophikira m'galimoto.

Atafika kunyumba ku Nkolokosa, Sellina anawafotokozera zonse amuna ake, a Maurice. Iwo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Naperi, koma makasitomala anali ochepa. Lendi ya nyumba ndi fizi ya mwana wawo Tamara zinkadalira malipiro a Sellina.

"Mayi a Tamara, mverani," anatero a Maurice motsitsa mawu. "Tinachoka ku Nsanje kudzafuna ntchito, osati milandu. Mwaona nokha kuti ngakhale woyendera akudya nawo. Inu ndinu ndani kuti mulimbane ndi anthu otere? Muzingogwira ntchito, muzibwera kunyumba."

"Nanga ana amene amwe mkakawo?"

"Nanga wathuyu? Akakuchotsani ntchito, Tamara apita kuti?"



Loweruka lina analowa m'golosale ya pafupi ndi kwawo kukagula sopo. Pashelefu anaona zitini zija. Anazizindikira msanga, chifukwa chidindo cha kuntchito chinkadinda mopendeka. Kutsogolo kwake kunali a Abdala, dalaivala wa minibasi amene ankakhala kuseri kwa nyumba yawo. Akazi awo anamwalira pobereka, n'kusiya khanda lalimuna. Mwanayo ankaleredwa ndi mlongo wawo wa a Abdala, mayi Khadijah, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo.

"Mundipatse chitini icho," anatero a Abdala. "Ndiye chatsikako mtengo bwanji!"

"Achimwene, bwanji mutenge mtundu winawo?" anatero Sellina.

"Winawo ngodula, mayi. Uwu uli ndi vuto?"

Mwini golosale anamuyang'ana Sellina. Iye anakumbukira mawu a amuna ake.

"Ayi, ndimangonena," anayankha.

Sabata isanathe, Sellina anamva kulira kwa khanda kuseri kwa nyumba, kulira kofooka kosalekeza. Anapita kukaona. Anapeza mayi Khadijah akumanga mwanayo kumbuyo, a Abdala akuliza minibasi. Mwanayo ankatsegula m'mimba ndi kusanza, maso atalowa m'kati. Anamugoneka kuchipatala n'kumuika diripi.

Mawa lake masana, Sellina anawapeza mayi Khadijah akuchapa matewera pampopi, maso ali ofiira.

"Sindikumvetsa, anzanga," anatero mayi Khadijah. "Madzi ndimawiritsa, botolo ndimatsuka. Ine ndimaphunzitsa amayi zimenezi. Ndipo kuchipatalako ndapeza makanda ena a kuno komwe, matenda ake omwewa."

Sellina anakhala pa mwala.

"Asisi, bweretsani chitini cha mkaka uja," anatero.

Mayi Khadijah anabweretsa. Sellina anachitembenuza n'kuwaonetsa malo amene sipiriti anasuwitsa utoto, pansi pa deti yatsopano. Kenako anawauza zonse: chipinda chokiya, a Kingsford, a Bennet ndi enivelopu yawo.

A Abdala anali atangofika kuchokera kuchipatala, ndipo anamva mawu omalizawo. Anaponya makiyi pansi.

"Ndikupita kudepoti!" anakuwa. "Ndikatenga anyamata onse oitanira, tikaotcha holoselo imeneyo lero!"

Mayi Khadijah anawaimirira kutsogolo.

"Achimwene, mukaotcha, mwaotcha umboni. Mawa amene ali m'chitokosi ndinu, mwana ali pa diripi, ndipo bwanayo akulandira chipepeso. Komanso muli anthu osalakwa m'menemo. Khalani pansi."

A Abdala anakhala pakhonde, atagwira mutu.

"Ndiye ndingojambula chitinichi n'kutumiza pa magulu a pafoni?" anafunsa Sellina.

"Ayi," anayankha mayi Khadijah. "Uthenga ukafika kwa iwo, asamutsa makatoni onse dzuwa lisanalowe, ndipo inu adzakunenani kuti mwaipitsa mbiri yawo. Ine ndikanena kwa akuluakulu anga a zaumoyo kuti mkakawu uchotsedwe m'magolosale. Koma nkhani ya woyendera wolandira chiphuphu ili ndi ofesi yake, bungwe lothana ndi katangale. Kumeneko mukanene zimene munaona ndi maso anu, osaonjezera, osachotsera. Musabe kanthu kuntchito kuti kakhale umboni. Ndipo mukawapemphe kuti dzina lanu alisunge mwachinsinsi."

"Ndikachotsedwa ntchito?"

"Sindikunamizani, zikhoza kuchitika. Koma lamulo sililola kuchotsa munthu ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo kuli kokadandaula. Musankhe nokha, anzanga. Mukati mupite, ine ndikuperekezani."

Sellina anayang'ana matewera ali pachingwe.

"Chitini chimenechi mwina ndinadinda ndine," anatero. "Tiyeni."

Lolemba Sellina anapempha chilolezo kuntchito ponena kuti akupita kuchipatala. Anakwera minibasi ndi mayi Khadijah kulowera m'tauni. Njira yonse Sellina ankacheuka, kuopa kuti wina womudziwa amuona. Ku ofesiko anawalandira mayi Alefa, wofufuza wa nkhope yodekha. Anawalowetsa m'chipinda chapadera n'kutseka chitseko.

"Fotokozani mosafulumira," anatero mayi Alefa. "Pamene simukudziwa, munene kuti simukudziwa."

Sellina anafotokoza. Atafunsidwa ngati anaona zimene zinali mu enivelopu, anayankha kuti sanaone.

"Mwayankha bwino," anatero mayi Alefa. "Tsopano bwererani kuntchito ngati palibe chachitika. Musauze mnzanu aliyense. Wina akakuopsezani, mutiimbire nthawi yomweyo."

Masiku otsatirawo anali olemera. Sellina ankalowa m'chipinda chija m'mawa uliwonse. A Kingsford akamuyang'ana, ankaona ngati adziwa kale. Kunyumba ankalephera kudya.

Lachinayi dzuwa lili paliwombo, a Bennet anabweranso n'kulowa mu ofesi ya bwana. Asanatuluke, magalimoto anaima pageti. Munatuluka mayi Alefa, apolisi ndi akuluakulu a zaumoyo. Analunjika kuchipinda cha kuseri n'kupeza thonje lili lonyowa, chidindo chili patebulo. A Bennet anawapeza ndi enivelopu m'manja. Iwo ndi bwana anawakweza m'galimoto, anthu a mumsika atadzaza msewu kuonerera.

Koma bwanayo anatuluka pa belo, ndipo holoselo inatsegulidwanso. A Kingsford anasonkhanitsa antchito onse pabwalo lotsitsira katundu. Anayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwawo, n'kuima pamaso pa Sellina.

"Amene anafunsa mafunso tsiku lija ndiwe," anatero. "Amene anapita kuchipatala Lolemba ndiwenso. Vula yunifolomu, uzipita." Kenako anawerama n'kumunong'oneza: "Mwana wako uja timamuona akamapita kusukulu."

Sellina anatuluka pageti. Asanakwere minibasi anaimbira foni mayi Alefa n'kuwauza mawu amenewo. Kenako anathamangira kusukulu kukamutenga Tamara.

A Maurice atamva, anamenya tebulo.

"Ndinanena ine! Ntchito yatha, mwana ali pangozi. Mwapindula chiyani?"

Sellina anangolira. Nthawi yomweyo kunamveka odi pakhomo. Anali a Abdala, atanyamula khanda lija. Linali litatuluka m'chipatala, lowonda koma likuyang'ana uku ndi uku.

"Bambo a Tamara," anatero a Abdala, "adokotala akuti tikanapitiriza kumumwetsa mkaka uja, bwenzi tikunena zina. Mayi ake ndinawaika m'manda. Uyu akazi anu andipulumutsira. Kuyambira mawa Tamara ndizimutenga pa minibasi yanga, kupita ndi kubwera, mpaka nkhaniyi ithe."

A Maurice anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. Kenako anapukuta nkhope ndi dzanja.

"Khalani pansi, achimwene," anatero. "Mayi a Tamara, apatseni alendo mpando."

Apolisi anawatenga a Kingsford chifukwa cha kuopseza kuja, ndipo khoti linawalamula kuti asayandikire banja la Sellina. Komabe miyezi imene inatsatira sinali yophweka. Banjalo linasamukira m'nyumba ya chipinda chimodzi. Sellina anayamba kugulitsa mandasi pamsewu. Anzake ena a kuntchito ankatembenuza nkhope akakumana naye.

Tsiku lina mayi Alefa anabwera okha kunyumba.

"Loya wa bwana uja akuti mkakawo ankafuna kukataya, ndipo palibe amene analamulidwa kusintha madeti," anatero. "Dzina lanu sitinalitchule kwa aliyense. Koma kuti mlandu ulimbe, pakufunika munthu amene anali m'chipindamo aime m'khoti. Sitikukakamizani."

Sellina anayang'ana amuna ake.

"Pitani," anatero a Maurice. "Ine nditseka makina tsikulo, ndikakhala kumbuyo kwanu."

M'khoti munadzaza anthu. Bwana uja ankamuyang'ana Sellina osaphethira. Loya anaimirira n'kumufunsa mokweza:

"Mayi, si zoona kuti mukunena zimenezi chifukwa chokwiya kuti anakuchotsani ntchito?"

"Ayi, bwana," anayankha Sellina. "Ndinakanena ndisanachotsedwe. Anandichotsa chifukwa ndinanena."

"Ndipo inuyo madetiwo simunasinthe nawo?"

"Ndinasintha nawo, atandilamula a Kingsford. N'chifukwa chake ndikudziwa zimene ndikunena."

Sellina atatuluka panja, mmodzi wa amayi amene ankafufuta nawo madeti anamutsatira n'kumugwira dzanja. Anati naye watopa ndi mantha, ndipo anapita kwa mayi Alefa kukadzipereka kukhala mboni.

Khoti linapeza bwana uja, a Kingsford ndi a Bennet olakwa, ndipo linawagamula kuti akakhale kundende. Mkaka wonse unachotsedwa m'masitolo n'kuwonongedwa pamaso pa akuluakulu a zaumoyo. Mothandizidwa ndi mayi Khadijah, Sellina anakadandaula ku ofesi yoona za antchito, ndipo holoseloyo inalamulidwa kumupatsa chipukuta misozi chifukwa chomuchotsa ntchito mopanda chilungamo. Pasanapite nthawi, mayi wina wa sitolo ya mankhwala m'tauni, amene anamva nkhaniyi, anamulemba ntchito yoyang'anira mosungira katundu. Anati ankafuna munthu woti akhoza kumusiyira makiyi.

Pa msonkhano wa sikelo ya ana ku Nkolokosa, mayi Khadijah anamupempha Sellina kuti alankhule kwa amayi.

"Ine si munthu wolimba mtima," anatero Sellina. "Ndinaopa, ndipo ndinakhala chete mpaka mwana wa mnzanga anatsala pang'ono kufa. Ndikanalankhula msanga, makanda ena sakanagona m'chipatala. Inu musadikire ngati ine."

Katangale si nkhani ya m'maofesi mokha ayi. Amafika mpaka m'botolo la mwana. Mukaona zachinyengo kuntchito kapena m'dera lanu, musakhale chete, komanso musalange nokha. Uzani munthu wodalirika, pitani ku ofesi yoyenera, nenani zokhazo zimene mwaona, ndipo pemphani kuti dzina lanu litetezedwe. Wina akakuopsezani, kaneneni msanga. Ndipo ngati mnzanu walimba mtima n'kuulula, musamuthawe. Imani naye, chifukwa moyo umene wapulumutsa ukhoza kukhala wa mwana wanu.