Pansi pa Ndowa

Gulu lathu la pa Watsapu lili ndi anthu makumi atatu ndi anayi, tonse amene tinamaliza limodzi maphunziro a zaulimi ku koleji m'chaka cha 2012. Kwa zaka zambiri ine ndinali m'gulumo ngati mlendo pamilandu ya eni mudzi, kumangomvetsera osatsegula pakamwa. Pamalo pa nkhope yanga ndinaikapo chithunzi cha duwa la kachewere. Anzangawo ankangoti Maness amakonda maluwa.

Nanga ndikanalemba chiyani? Raymond ankatumiza zithunzi ali pamisonkhano m'mahotela, botolo la madzi patsogolo, dzina lake likulendewera pachifuwa. Christobel anali bwana kubungwe lina ku Lilongwe, ndipo galimoto yake yoyera tinkaidziwa mbali zonse mpaka matayala. Janeti ndiye sankaphonya Lolemba. Sabata iliyonse chithunzi ali pampando wozungulira mu ofesi, kalendala kukhoma, pansi pake mawu othokoza Mulungu.

Ine ndinapondaponda m'maofesi a ku Lilongwe zaka zitatu, envelopu ya khaki kukhwapa, mpaka nsapato zinatha zidendene. Bambo atamwalira ndinabwerera kwathu ku Mlangeni n'kutenga khasu. Ndimalima kachewere ndipo ndimagulitsa ndekha pa Lizulu, m'mbali mwa msewu. Ana anga awiri amadya, amapita kusukulu, nyumba ndinafolera ndi malata. Koma ndisaname, manyazi ndinali nawo. Munthu amene ankapambana kalasi yonse, lero kumathamangira mabasi ndowa ili pamutu.

Nkhani inayamba Lachitatu lina mu Juni. Raymond analemba kuti Loweruka iye ndi Christobel akupita ku Blantyre ku ukwati, ndipo adzaima pa Lizulu kugula kachewere. Christobel anayankha kuti pamenepo m'pofunika maso, poti anthu a pa Lizulu ndi mbava zokhazokha. Pamwamba pa ndowa amaika mbatata zikuluzikulu, pansi tinthu tonga mazira a nkhunda ndi zoola. Tinkhope toseka ta pa Watsapu tinadzaza foni yanga. Wina anawonjezera kuti umbuli ndi matenda.

Zinandiwawa, makamaka chifukwa alipodi ena amene amachita zimenezo. Koma ine ndi Lukia, mnzanga amene timayala malonda moyandikana, tili ndi lamulo lathu. Wogula asanapise m'thumba, timakhuthulira ndowa yonse pachiguduli kuti aone mpaka mbatata yotsiriza. Anzathu amatiseka kuti tikutaya nthawi uku basi ikuliza hutala. Ife timakhuthulabe.

Ndinamupempha Lukia kuti Loweruka andigulitsire, ine ndikakhale kuseri kwa golosale ya amuna ake, a Sumani, mpaka alendowo atadutsa. Anandiyankha akukonza mpango wake.

"Amake Obed, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mwaba chiyani inu kuti muzibisala?"

Komabe Loweruka ndinabisaladi.

Kunali chifunga, mphepo yochokera ku Mozambique ikuluma makutu. Ndinakhala pathumba la makala ndikusuzumira pakona ya golosale. Cha m'ma teni koloko galimoto yoyera ija inatulukira. Msika wa Lizulu kutalika konse kuja, koma inadzaima pa ndowa zanga zenizeni. Sindikudabwa kwenikweni. Pa nkhani ya kachewere sindidzichepetsa, wanga amaitana yekha.

Sanatsike. Christobel anangotsitsa galasi pang'ono n'kuyamba kumukalipira Lukia asanamve n'komwe mtengo. Ankati anthu a pano akuwadziwa bwino, wina asayerekeze kumupusitsa chifukwa iye zaulimi anaziphunzira ku koleji. Lukia, mayi woti sanabepo ngakhale tomato mmodzi, anangoima manja kumbuyo n'kumati pepani madamu. Pepani wa chiyani? Pamenepo manyazi anandithera, m'malo mwake munalowa mkwiyo. Ndinaona kuti ndamusiya mnzanga akutukwanidwa pa katundu wanga, ine mwini nditakhala pamakala.

Ndinatuluka momwe ndinalili, chitenje chofiira ndi dothi, juzi la malemu bambo, duku kumutu. Ndinanyamula ndowa n'kuikhuthula pachiguduli pafupi ndi tayala la galimotoyo. Mbatata zinagubuduzika, zonse zazikulu ngati zibakera. Ndinakhuthula yachiwiri, kenaka yachitatu.

Mukuganiza kuti anandizindikira? Zaka zinayi tinkadyera limodzi nyemba zofumbwa za ku koleji, koma munthu wonyamula ndowa sayang'anidwa kumaso. Raymond anatsika, anatola mbatata imodzi, n'kuyamba kundiphunzitsa ulimi. Anati mayi mwayesetsa ndithu, koma mukadzaona masamba akuda ngati apsa ndi moto, chimenecho ndi chiwawu, mudzathire feteleza wambiri.

"Raymond, chiwawu sachiza ndi feteleza. Funso lomweli unalakwa chaka chachitatu, ndipo kope limene unabwereka pokabwereza mayeso sunandibwezere mpaka lero."

Mbatata ija inamupulumuka m'manja. Christobel anatsegula chitseko, dzanja lili pakamwa. Anandikumbatira, koma mosamala, poopa kudetsa diresi la ku ukwati. Kenaka anayamba kundilira ndili moyo. Zinatheka bwanji Maness, iwe wa mutu wakuthwa uja? Bwanji sunanene? Anati ndimutumizire mapepala anga aone chochita, mwina pangapezeke kampata ka ukalaliki. Ndipo anatsitsa mawu n'kundilonjeza kuti m'gulu muja sakanena kanthu, zimenezi zithera pompano.

Lonjezo limenelo ndi limene linandipsetsa mtima kuposa zonse. Andibisire chiyani? Munda wanga ndi chilonda?

"Usandibisire kanthu, Christobel. Pepesa kwa mayi awa amene wawayesa akuba. Ukatero mundijambule."

Anapepesa, ngakhale mawuwo ankatuluka movuta ngati akumeza mankhwala owawa. Lukia anangogwedeza mutu. Ndinapereka foni yanga kwa Raymond, poti kujambula alimi ndiye ntchito imene amaidziwa. Ndinaima pakati pa mbatata zanga, Lukia pambali panga, duku osavula. Chithunzicho ndinachitumiza m'gulu iwo ali pomwepo, ndipo pansi pake ndinalemba kuti: Ndine Maness. Ntchito yanga ndi iyi, pa Lizulu. Mbava zimene munkaziseka Lachitatu zija ndife, ndipo pansi pa ndowa ndi pamenepa, onani.

Anagula ndowa ziwiri n'kunyamuka, Raymond akulonjeza kuti kope lija akalifunafuna. Tsiku lonse gulu linangoti zii. Foni inkaonetsa kuti pafupifupi onse achiona chithunzicho, koma woyankha panalibe, ngakhale uja wa umbuli ndi matenda. Ine ndinapitiriza kugulitsa. Mantha ndinali nawo, koma ndinadziuza kuti akafuna andichotse m'gulumo, kachewere wanga samera pa Watsapu.

M'mawa mwake ndikusoka matumba, uthenga unalowa, osati m'gulu koma kwa ine ndekha. Anali Janeti, wa zithunzi za Lolemba uja. Anandiuza kuti nditsegule chithunzi chake chilichonse, ndichikuze, ndiyang'ane kalendala ya kukhoma ija. Ndinatero. Inali ya zaka ziwiri zapitazo. Bungwe lawo linatsekedwa kalekale, ndipo nthawi yonseyi iye anali kwa amayi ake ku Manjawira, m'boma lathu lomwe lino, akutumiza zithunzi zakale chimodzichimodzi. Anati zatsala zitatu zokha, ndipo sakudziwa kuti zikatha adzatumiza chiyani. Amayi akewo ali ndi dimba limene likungomera udzu. Ankafunsa ngati kachewere angachite kwawoko.

Ndinakhala pansi pathumba, misozi ili m'maso. Zaka zonsezi ndinkachita manyazi ndi mpando umene mwini wake anachokapo kalekale.

Ndinamuyankha zoona, kuti kwawoko n'kotentha, kachewere sachedwa kukana, koma anyezi ndi tomato achita bwino. Ndinamuuza kuti abwere Lolemba m'mawa, nthawi yomwe amatumiza chithunzi ija, tidzakambirane za mbewu. Ndipo asaiwale chitenje ndi juzi, chifukwa pa Lizulu mpando wozungulira palibe.