Choko Chofiira pa Kiyibodi

Munthu woleredwa bwino sakhala pa mpando wa mnzake mwini wake palibe, ndipo satsegula bokosi lomwe silili lake. Lamulo limeneli achiwiri kwa ahedi analiphunzitsa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, mpaka ana a sukulu anawapatsa dzina lakuti a Khalidwe, chifukwa sankatha kulankhula mawu khumi liwu limenelo lisanatuluke. Koma Lachitatu lija, nthawi ya nkhomaliro, iwo eni ake ndiwo anakankha chitseko cha ofesi ya mayi otayipa, nakhala pa mpando wawo, natulutsa bokosi lomwe linali pansi pa tebulo.

Mayi otayipawo phewa linali litawavuta miyezi yambiri. Adokotala anawauza kuti kiyibodi yaitali ya mu ofesi ndiyo inkawatambasulitsa mkono tsiku lonse pofikira mausi, nawalangiza kuti apeze yaifupi, yopanda mabatani a manambala a kumbali aja. Mwini sitolo ya makompyuta anawabwereka ziwiri kuti ayese sabata imodzi, ndipo Lachisanu asankhepo imodzi. Zonse zinali zazing'ono zokwana m'chikwama cha m'manja, ndipo batani lililonse linali ndi kasipuling'i kakekake pansi. Ina inali yachete. Inayo inkalira ngati makina otayipira akale aja.

Lolemba, yolirayo itangoyamba kumveka, a Khalidwe anaima pakhomo la ofesi manja ali kumbuyo.

"Mayi, pano ndi pasukulu, si pamalo pokhomera zidebe," anatero, aphunzitsi ena akumva.

"Pepani bambo, ndamva," anayankha mayiwo. Pomwepo anaizula, naipukuta, naibwezera m'bokosi.

Chimene a Khalidwe sanauze munthu n'chakuti kulira kuja kunawafika pamtima. Ali mwana kusukulu ya mishoni, ankaima pawindo la ofesi ya wansembe kumvetsera makina otayipira. Tsiku lina anakhudza batani limodzi lokha, nakwapulidwa zikoti zisanu ndi chimodzi. Anakula, naphunzira kutayipa ndi zala ziwiri pa makiyibodi ofewa opanda mawu, koma njala ya kulira kuja sinathe. Chilakolako chimene munthu achidzudzula poyera osachigonjetsa mumtima sichifa. Chimangodikira kuti anthu achoke.

Lachitatu lija tsono anazula kiyibodi yachete, nalumikiza yolira. Kompyuta inadzuka, ndipo pagalasi panaoneka pepala la mayeso a masamu a kalasi yomaliza, oyenera kulembedwa Lolemba lotsatira. A Khalidwe anapatutsa maso, pakuti sanabwerere kudzawerenga. Anangodina zilembo zingapo pansi pa pepalalo. Ta. Ta. Ta. Nkhope yawo inamasuka ngati ya mwana.

Atafuna kufufuta, anapeza kuti batani lomwe analizolowera palibe. Kiyibodi yaing'ono imabisa ntchito ziwiri kapena zitatu m'batani limodzi, ndipo iwo sanadziwe zimenezi. Anadina ili ndi ili pamodzi, nadinanso lina. Pagalasi panatulukira kabokosi ka mawu. Pofuna kuti kachoke msanga, anadina batani lalikulu la kudzanja lamanja kawiri, katatu. Kabokosi kanachoka. Anapeza pofufutira, nafufuta zilembo zawo, nabwezera zonse m'malo mwake, natuluka mtima uli phee.

Anaiwala chinthu chimodzi. Pulinta ya mu ofesi inali itafa, ndipo sabata imeneyo kompyuta ya mayi otayipa inalumikizidwa ku pulinta ya mu laibulale. Mayiwo ankasindikiza mayeso pokhapokha atatulutsa ana onse ndi kukiya chitseko okha. Koma nthawi ya nkhomaliro laibulale imadzaza ndi ana a kalasi yomaliza.

Pofika Lachinayi m'mawa, theka la kalasi linali ndi mafunso. Aphunzitsi a masamu analanda pepala limodzi m'thumba la mnyamata wina, nalowa nalo kwa ahedi ali ndi mkwiyo.

"Masabata atatu ndikukonza mafunso amenewa, bwana. Lero ngakhale amene sadziwa kuchotsera akuimba mayankho ngati nyimbo."

Ahedi anali atangobwera kumene chaka chomwecho, ndipo ankafuna kuonetsa kuti ali ndi dzanja lolimba. Anafufuza mwachangu. Pulinta inasonyeza kuti pepala linachokera pa kompyuta ya mayi otayipa, mphindi makumi awiri itadutsa thwelofu. Mayi wokolopa ananena kuti nthawi imeneyo ankakolopa pakhonde ndipo anamva kiyibodi ikulira mu ofesi. Chinanso chimene aliyense ankachidziwa n'chakuti mwana wamkazi wa mayi otayipa anali m'kalasi yomweyo.

"Mawa teni koloko tikumane tonse m'chipinda cha aphunzitsi," anatero ahedi kwa a Khalidwe. "Zikatsimikizika, mayiwa aimitsidwe ntchito, ndipo mwanayo asalembe mayeso. Inu ndinu a mwambo pano, mukhala pambali panga."

A Khalidwe anavomera ndi mutu.

Madzulo a tsikulo, ana akuweruka, anakumana ndi mayi otayipa pakhonde. Panalibe popatukira. Mayiwo anawerama pang'ono monga mwa masiku onse.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, kaya inu mayi."

"Ndaswera." Anasisita phewa. "Ndimati ndipukute kiyibodi ija ya m'bokosi kuti mwini wake akabwera mawa aipeze yoyera. Ndapezamo fumbi la choko, bambo. Chofiira."

Pasukulu yonse, choko chofiira chinali ndi munthu mmodzi. A Khalidwe ankayenda nacho m'thumba la jekete, ndipo ankalembera nacho mayina a ana olakwa pa bolodi la pakhomo la chipinda cha aphunzitsi.

"Ndiye mukufuna kunena chiyani, mayi?" anafunsa, mawu awo atauma kuposa mmene anafunira.

"Palibe, bambo. Sindinaone munthu ndi maso anga. Ndipo inu ndi amene munatiphunzitsa kuti tisaloze munthu chala pa chinthu chimene sitinaone. Ndapukuta fumbilo. Muyende bwino."

Kukanakhala bwino akanawazazira. Munthu amene wakalipiridwa amapeza podzitetezera, koma amene wachitiridwa ulemu alibe pothawira. A Khalidwe anafika kunyumba, nakhala pakhonde jekete osavula. Mumtima ankadziuza kuti sanabe kanthu, kuti sanawerenge ngakhale funso limodzi, kuti mayiwo ndiwo analakwa posiya ofesi yosakiya. Zonsezi zinali zoona, koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinawapatsa mtendere. Kunali kutatsala zaka ziwiri kuti apume pantchito ndi dzina loyera. Akazi awo anawafunsa ngati akudwala, iwo anati ndi mutu chabe.

Lachisanu teni koloko chipinda cha aphunzitsi chinadzaza. Kompyuta ya mu ofesi inanyamulidwa n'kuikidwa patebulo la pakati, makiyibodi awiri aja ali pambali pake. Mayi otayipa anakhala pa mpando wapawokha, manja ali pamiyendo. Kunja, ana ankayendayenda pafupi ndi mawindo ngati akufuna madzi akumwa, ndipo pakati pawo panali mtsikana mmodzi, mwana wa mayi otayipa, amene sankayenda, anangoima maso ali pansi.

"Lachitatu nthawi ya nkhomaliro munali kuti, mayi?" anafunsa ahedi.

"Ndinakhala kuseri kwa ofesi, bwana, ndikuwongola mkono monga anandiuzira adokotala."

"Anakuonani ndani?"

"Palibe."

"Ofesi munakiya?"

"Sindinakiye. Pamenepo ndinalakwa, ndipo sindikukana."

"Mayi okolopawa akuti anamva mukutayipa."

"Kuyambira Lolemba ndakhala ndikugwiritsa ntchito yachete, bwana. Ndiyo ndinali nditasankha kale, chifukwa inayo inkasowetsa mtendere abambowa. Yachete simveka pakhonde."

Maso a anthu angapo anapita kwa a Khalidwe. Iwo anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Tiyese," anatero ahedi. Analamula kuti alumikize yolirayo, nauza mayi otayipa kuti alembe chilichonse. Mayiwo anaika zala zonse khumi pamabatani, maso ali pagalasi, ndipo chipinda chinadzaza ndi mkokomo ngati wa mvula pamalata.

"Ndi imeneyi munamva?" ahedi anafunsa mayi wokolopa.

"Mawu ake ndi omwewo, bwana, koma mayendedwe ake ayi. Awa akatayipa imakhala mvula. Ya Lachitatu inali ngati nkhuku yotola chimanga pa simenti. Ta. Kenako n'kuganiza kaye. Ta."

Aphunzitsi ena anaseka. A masamu anapukusa mutu.

"Achemwali, kodi tsopano mwasanduka katswiri wa makiyibodi?"

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, achimwene, koma makutu angawa sanalepherepo mayeso. Pakhonde paja ndakolopapo zaka khumi ndi ziwiri. Aliyense wa inu ndimamudziwa ndi nsapato zake."

"Ndiye nsapato za Lachitatu zinali za ndani?"

"Ndinafika munthuyo atalowa kale, ndinachoka asanatuluke. Ndikanama ngati nditchula dzina."

A Khalidwe anadikira kuti mayi otayipa atchule za choko. Mayiwo sanachitchule.

"Zankhuku ndi zamvula sizitithandiza," anatero ahedi. "Munthu amene akuchita chobisika amayenda mwapang'onopang'ono ngakhale ali wodziwa kuthamanga. Kompyuta ndi yawo, ofesi ndi yawo, mwana ndi wawo. Mayi, muima kaye ntchito kufikira akuluakulu ataiona nkhaniyi, ndipo mwana wanu Lolemba sakhala pa mayeso."

Apo ndi pamene mayi otayipa anadzutsa mutu.

"Ine ndiimitseni, bwana. Koma mwanayo Lachitatu anali kunyumba, akudwala. Pepalalo sanaligwire n'komwe."

"Sanafunike kuligwira, poti mayi ake analipo. Kalata ilembedwe pompano. Simungadzilembere nokha kalata yotere." Ahedi anatembenukira kumanja kwawo. "Achiwiri, tathandizani. Kompyuta ndi iyi, ndikuuzani zolemba."

Panalibe njira yokanira. A Khalidwe anaimirira, nayenda masitepe anayi omwe anaoneka ngati ulendo wa tsiku lonse, nakhala patsogolo pa kiyibodi yolira ija. Anaganiza zopempha kuti alumikize yachete, koma anadziwa kuti pempho lomwelo likanawaulula. Anakweza zala zawo ziwiri.

"Lembani tsiku," anatero ahedi.

Ta. Anafunafuna batani lotsatira. Ta. Ta.

Mayi wokolopa, amene anali atayamba kale kutola chidebe chawo, anachisiya pansi. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, nayang'ana zala zija, kenako nkhope ya mwini zala. Anatsegula pakamwa, natsekanso. Iwonso anali ndi ana kunyumba, ndipo amene anakhala pampandoyo anali wachiwiri pasukulu yonse.

A Khalidwe anaziona zonsezi. Anaona kuti akazi awiri ankadziwa choonadi, mmodzi atatseka pakamwa chifukwa cha ulemu, mnzake chifukwa cha mantha, ndipo ulemuwo ndi manthawo ndi iwo omwe anali atawadzala pasukulupo. Kalata ikanatha kulembedwa mpaka pamapeto popanda wowaletsa.

"Pitirizani. Kwa mayi otayipa," anatero ahedi.

A Khalidwe anachotsa manja pa kiyibodi. Anaimirira, namanga batani la jekete, napita kukatsegula chitseko ndi mawindo onse awiri. Ana omwe anali panja anabwerera m'mbuyo.

"Musathawe," anawauza. "Senderani kuno, mumve nanunso."

"Achiwiri, chikuchitika n'chiyani?" anafunsa ahedi.

"Bwana, kalata imeneyi sindilemba, chifukwa dzina loyenera kukhalapo si la mayiwa. Lachitatu ndine ndinalowa mu ofesi mwawo iwo kulibe. Ndinakhala pampando wawo osapempha. Ndinatsegula bokosi lomwe silinali langa, n'kulumikiza kiyibodi yomwe ndinawanyoza nayo Lolemba pamaso panu, chifukwa ndinkafuna kumva ikulira pansi pa zala zanga. Sindinaidziwe kagwiritsidwe kake, ndipo ndine ndinatumiza pepala lija ku laibulale. Chimenecho chinali chibwana. Choipa chenicheni n'chakuti ndakhala chete masiku awiri, ndikuona mayi wosalakwa ndi mwana wake akusenza mlandu wanga, mayiyo akudziwa kuti ndine. Mayi, ndakulakwirani. Iwe mwanawe, ndakulakwira. Mlandu wonse ndi wanga, ndipo kalata ikalembedwa ipite kwa akuluakulu ndi dzina langa."

A Khalidwe anapisa m'thumba la jekete, natulutsa choko chofiira, natuluka pakhomo. Pa bolodi la olakwa panali mayina atatu a sabata imeneyo: awiri ochedwa, mmodzi wosapisira malaya. Pamaso pa aphunzitsi ndi ana onse, analemba dzina lawo pamzere wachinayi, m'zilembo zofanana ndi za enawo.