Kofiya Imene Dambo Linasunga

Husna ankalidziwa dambo kuyambira ali mwana ku Mangochi. Atafika ku Isipingo, ku Joni, anapeza kuti mtsinje wa kumeneko nawonso ukalowa m'bango umachita ulesi. Masamba, mizu ndi zonse zimene wanyamula kumtunda umazitula pomwepo, matope n'kuzikwirira. Pansipo mpweya sufika, ndiye zinthu siziwola msanga, zimangoda bii. Matope amenewo ndi amene Husna ankakatapa kuti athire m'dimba lake la mpiru.

Tsiku lina khasu linakola nsalu. Anaikoka n'kuitsukuluza. Inali kofiya, mkati mwake atamangiramo mwala. Ulusi wofiira unali utada, koma mawu ankawerengeka: NDIDIKIRE.

Mawuwo Husna anawasoka yekha, chaka chimene Ismael, bwenzi lake, ankanyamuka ulendo wa ku Joni. Husna atamutsatira, Ismael analumbira kuti kofiyayo anamubera m'sitima ya ku Pinetown. Ndipo tsopano ukwati wawo unali pafupi, ashehe atauzidwa kale.

Husna sanasambe n'komwe m'manja. Analunjika pokwerera matekisi, pamene Ismael ankagulitsa mawotchi.

"A Ismael! Akuba a ku Pinetown aja amamangira miyala m'kofiya?"

Ismael anayang'ana uku ndi uku. "Eish, tsitsa mawu," ananong'ona. "Pano amandidziwa kuti Sipho. Akanaona Chichewacho akananditi kwerekwere, munthu wobwera. Ndimayesa madzi apita nayo kunyanja."

"Kunyanja! Munthu wokulira m'mbali mwa Shire, simudziwa kuti dambo silitaya kanthu? Limameza n'kusunga!" Anamuloza nayo kofiyayo, ikudontha. "Ivaleni. Pompano, ndi matope ake omwe. Mukaivala, bodza lija ndaliiwala, ukwati ulipo."

Oitanira matekisi anatembenuka. Mmodzi anayandikira n'kufunsa m'Chizulu kuti mkazi wamatopeyo ndi ndani.

Ismael anawerama, akusuntha mawotchi amene anali kale pamalo pake.

"Angimazi," anatero. Sindikumudziwa.



"Iwe," anatero Husna mokweza, ndipo kanali koyamba kumutchula choncho. "Matope ndi amene andidikira, osati iwe."

Analuma ulusi uja ndi mano, n'kuusolola mpaka mawu onse anatha. Kofiyayo anaiponya pa mawotchi, madzi akuda akuyenderera pa magalasi. Ananyamuka akulavula mchenga, ulusi ataukulunga kuchala, ndipo aliyense amene anamuima panjira anamuuza m'Chichewa kuti apatuke.