Mayi Anga Pamzere wa Nyimbo Zopanda Mayina

Ndinalota ndili m'kati mwa laputopu yanga, ndipo mpaka pano mtima sunakhazikike. Masiku ano ndakhala ndikukonza nyimbo zakale za kwaya yathu, zomwe zinasungidwa ndi manambala okhaokha. Ndimamvera iliyonse n'kulemba mu pulogalamu mutu wake, woitsogolera ndi chaka.

Kutuloko nyimbozo zinali anthu opanda nkhope, atandanda pamzere ngati kuchigayo. Pansi pankaterera, fungo la sopo lili ponseponse. Ndikalemba dzina, munthu ankamera maso ndi pakamwa n'kulowa m'chipinda chake akuimba. Zala zinkanditentha, mabatani akusanduka nthanga za maungu, koma sindinasiye.

Pomaliza panatsala mayi wina atandifulatira, akuimba chapansipansi. Ndinawazindikira ndi kakokedwe kawo ka mpweya: anali malemu mayi anga. Nditalemba dzina lawo lonse, anatembenuka nkhope ili ngwee.

"Wandipeza, Chisomo! Kweza mawuwo anthu amve."

Ndinakweza mpaka malata anagwedezeka, kwaya yonse ikululutira.

Kutacha ndinawafotokozera amuna anga.

"Mwina n'kutopa chabe, amayi a Dalitso," anatero.

Kaya n'kutopa, kaya ndi uthenga. Koma mayi ankaimba nawo m'kwayayi, ndipo nyimbo zina sindinazitsegulebe. Lero kumsika amuna anga apita okha, ine ndatsala kuti ndizitsegule.