Kumbuyo kwa Abwana

Abwana anali pakati pofotokoza mmene ankathamangira ali mnyamata pamene anaphonya mwala woyera wa pamphambano. Mwalawo ndiwo umasonyeza kuti njira yozungulira m'munsi mwa phiri yakhotera kumanzere. Ya kumanja ndi ya otola nkhuni, imangokwera. Abwana analowera kumanja, ndipo ogwira ntchito onse amene anali pambuyo pawo analowera komweko, aliyense atauona mwalawo bwinobwino.

Chibwerereni abwanawa pakampani, Loweruka lililonse m'mawa anthu a mu ofesi ankazungulira phirilo. Palibe amene anakakamizidwa. Kungoti wosabwera ankafunsidwa Lolemba ngati akudwala. Amuna amene anasiya kuthamanga ali kusukulu anagula nsapato zowala, ndipo mimba zinkagwedezeka m'malaya othina. Lamulo linali limodzi, losalembedwa paliponse: abwana sapitiriridwa.

Pafupi kwambiri ndi zidendene za abwana pankathamanga anthu awiri. Wina anali mkulu wa zogula, amene anzake ankangowatchula kuti a Mandevu. Wina anali mkulu wa zogulitsa, a Kolala, munthu wobwera kodzathamanga atasita malaya. Mpando wa wachiwiri kwa abwana unali wopanda munthu, ndipo aliyense ankadziwa kuti ugwera mmodzi mwa awiriwa. Mwini wake wakale anawakonza abwana pamsonkhano, anthu akumva. Tsopano munthuyo ankayang'anira nyumba yosungiramo simenti.

"Achimwene," ananong'ona a Kolala, "mwala uja mwauona?"

"Mwala uti?" anatero a Mandevu.

"Musandipusitse. Tasochera."

"Ndiye auzenitu. Inu ndi amene mumanunkhiza thukuta lawo."

"Ine ndili ndi chifuwa, mawu sakutuluka."

"Ponong'oneza ine akutuluka bwanji?"

A Kolala anangowonjezera liwiro pang'ono n'kuseka mokweza nthabwala imene abwana anali asanaimalize. A Mandevu anawayang'ana kukhosi, pamene panatuluka mafuta opindikana, n'kulavula pambali. Munthu wotereyu adzakhale wowalamula iwo? Munthu woti abwana akayetsemula, iye amayamba kufuna mpango? Kunyumba a Mandevu ankakonda kuuza akazi awo kuti mu ofesi monsemo mwamuna ndi iwo okha, enawo ndi agalu ovala tayi.

Njira inayamba kuimirira. Dothi linatha, panabwera miyala yoterereka ndi mizu. Nkhani ya abwana inayamba kuduka pakati, kenako inatheratu. Kumbuyo kunkamveka wefuwefu yekhayekha. Wowerengera ndalama anagwira mtengo n'kuwerama, nabweza tiyi yense wa m'mawa, koma anapukuta pakamwa msangamsanga kuti asatsale.

"Abambo inu kutsogoloko," anaitana mayi wa palamya, amene ankakwera atagwira m'mawondo, "kodi tikukaonekera kwa Mulungu lero lomwe?"

"Tsitsani mawu, mayi," anatero a Mandevu osatembenuka.

"Nditsitse chiyani? Ana anga akufunabe mayi wawo."

"Ngati mwatopa auzeni nokha."

"Ine? Ndevu zonsezo zilipo, ndilankhule ine? Ntchito yanga ndi kunena kuti abwana ali pamsonkhano. Zoona sizili mbali yanga."

Ena anafuna kuseka koma mpweya unalibe. A Mandevu anaganiza zongolankhula. Mawu ake anali ochepa: bwana, njira taisiya kumbuyo. Anawakonza mumtima, anawachepetsa, anaikamo "mwina" ndi "pepani". Kenako anakumbukira fumbi la simenti pa nsidze za wachiwiri wakale uja, ndipo mawuwo anawameza. Anadziuza kuti akudikira malo abwino oyankhulira.

Malo abwinowo sanafike. Njira inapanikizika mpaka munthu mmodzi yekha ndiye akanadutsa, uku minga, uku minga. Anthu anandandalika ngati mbuzi zopita kodibidwa. Kenako thanthwe lalikulu linaima kutsogolo, ndipo njira inathera pomwepo. Panali zitsa za otola nkhuni ndi chingwe chakale chomangira mitolo.

Abwana anaima, manja m'chiuno, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Anayang'ana thanthwelo nthawi yaitali. Atatembenuka, anapeza nkhope zonse zikuyang'ana pansi. Wina anayamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

"Kodi," anatero abwana pang'onopang'ono, "alipo anaona pamene njira inagawikana?"

A Mandevu anatsegula pakamwa. Sankadziwa chimene chituluke, ndipo sanachidziwe konse, pakuti a Kolala anawadumphira.

"Tinaona, bwana! Ine ndinadziwa pomwepo kuti lero mwatikonzera mayeso. Ndinawanong'oneza a Mandevu kuti njira yakale ija abwana yawachepera."

Abwana anawayang'ana a Kolala, kenako a Mandevu. Nkhope yawo, imene inali itayamba kuuma, inamasuka.

"N'zoona zimenezi, a Mandevu?"

"Anandinong'onezadi, bwana," anatero a Mandevu.

"Eya. Ndimafuna ndione amene ali ndi mtima," anatero abwana, ndipo anaoneka kuti akuzikhulupirira. "Tiyeni titsike."

Apa ndi pamene panabuka vuto limene palibe analiganizira. Abwana anali kumapeto kwa njira. Potsika, aliyense anali kutsogolo kwawo, ndipo wotsogolera anali mayi wa palamya. Mzere wonse unaima chilili. Palibe anafuna kuponda phazi loyamba abwana ali kumbuyo kwake.

A Kolala sanachedwe. Anabwerera chafutambuyo n'kulowa m'minga, malaya ositawo akung'ambika, akumwetulira ngati akhala pampando wa m'balaza.

"Dutsani, bwana."

Wowerengera ndalama anachita chimodzimodzi, ndipo ena onse anatsatira mpaka kumunsi, aliyense akudzikankhira m'tchire ndi kubisa kulira kwake m'kutsokomola. Mayi wa palamya yekha anapeza mwala n'kukhalapo, akugwedeza mutu.

Pakati pa njira panatsala a Mandevu. Anaona anzawo atapachikika m'minga uku ndi uku, amuna a mabanja, ena a imvi. Mwendo umodzi unali utaloza kale kumunsi. Akanangotembenuka n'kutsika, ndipo pa anthu onsewo iwo ndiwo anali ndi mphamvu zokafika pagalimoto osapuma.

Abwana anafika pamaso pawo n'kuima. Anangodikira.

A Mandevu anabwerera m'mbuyo. Chitsamba cha mbali yawo chinali chowirira kuposa cha a Kolala, ndipo chinawagwira kumsana, m'khosi ndi m'ndevu momwe. Analowabe, kuti phewa la abwana lisawakhudze.

"Njira imeneyi ndaikonda," anatero abwana podutsa. "Kuyambira lero tizikwera ino Loweruka lililonse. Za mpando zija sindifulumira nazo. Ndione kaye amene apirire."

"Maganizo abwino, bwana," anatero a Kolala ali m'tchire.

Abwana anacheuka, kudikira mawu a winayo.

"Abwino kwambiri, bwana," anatero a Mandevu, osagwedeza mutu chifukwa munga unali pafupi ndi diso.