Bambo a zala zisanu ndi chimodzi

Ndinalota ndikuuza makina a mufoni aja, opanga zithunzi ukangowafotokozera, kuti andijambulire malemu bambo, poti nkhope yawo yayamba kundithawa ndipo chithunzi tilibe. Makinawo anaphunzira pa zithunzi za abambo a eni, ndiye anandipatsa mwamuna wa suti, wonunkhira sopo, dzanja lililonse zala zisanu ndi chimodzi. Ndikulumbira, ndinawerenga.

"Bambo sanavalepo suti," ndinatero. "Ikani mpata m'mano, ndi fungo la fodya."

Mwamunayo anatsokomola, chifuwa chomwe chija cha bambo.

"Iwe Yohane, ukundikonza ngati njinga? Zalazi usachotse, ndizikukokera nazo bwino khutu."

Ndinadzuka khutu likutentha. Kaya anali iwo, kaya makina anangopeka, sindikudziwa. Koma khutulo mpaka lero sindinalipake mankhwala.